Musanagule graphics card ya kompyuta yakale, yambani mwatsegula bokosi

[Kamera ili pa tebulo. Pali makompyuta awiri a Dell OptiPlex, ina yaikulu, ina yopyapyala, onse otsegulidwa m'mbali.]

Moni nonse, takulandirani. Pa tebulopa pali makompyuta awiri a Dell OptiPlex, amene aja amapuma ntchito m'maofesi a kunja n'kudzafika kuno pa mtengo wotsikirapo. Yaikuluyi ndi 7010, ya m'chaka cha 2012. Yopyapyalayi ndi 9020, ya 2013. Pa kulemba makalata ndi kulowa pa intaneti akadali amphamvu ndithu. Koma mukangotsegula gemu kapena pulogalamu yokonzera mavidiyo, amayamba kukwawa. Chifukwa chake n'chakuti zithunzi zonse zikujambulidwa ndi kachigawo kakang'ono ka mkati mwa processor: Intel HD 2500 ngati muli ndi i5-3470, kapena HD 4600 ngati muli ndi i5-4570. Kachigawoka sanakapangire magemu.

Mankhwala ake ndi graphics card, khadi lapadera lojambula zithunzi za pa sikirini. Anthu ambiri amathamangira kufunsa kuti, ndigule khadi liti? Funso limeneli lafulumira. Pa kompyuta yakale, amene amasankha khadi si inu, ndi bokosilo. Ndiye tiyeni tisuzumire mkati tisanatulutse ndalama.

[Kamera iyandikira kumbuyo kwa makompyuta awiriwa.]

Choyamba ndi malo. Yaikuluyi amaitcha mini tower, ndipo khadi la msinkhu wonse limalowa, bola muyeze kutalika kwake ndi tepi kuti lisakagunde pamene pamakhala hard drive. Yopyapyalayi amaitcha SFF (small form factor), ndipo imalandira makhadi aafupi okhaokha, otchedwa low profile. Mukamagula, onetsetsani kuti kachitsulo kakafupi komangira kumbuyo kali m'katoni. Ogulitsa makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito nthawi zambiri anakataya kalekale.

Pa SFF pali msampha wina umene Dell anatitchera. Taonani apa. Ma slot a PCIe, mipata yolowetsamo makhadi, ndi awiri. Wabuluu uyu ndiye wa x16, msewu wathunthu wa khadi, koma anamuika moyandikana kwambiri ndi power supply, kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta. Khadi lonenepa, lotenga malo a ma slot awiri, sililowa pamenepa. Limalowa pa slot yakudayi, imene kunja imaoneka yaitali chimodzimodzi koma mkati ndi ya x4 yokha, misewu inayi m'malo mwa 16. Ligwira ntchito, inde, koma gawo lina la liwiro lake mwalisiya panjira. Choncho pa bokosi ngati ili, musangofunsa ngati khadi ndi lalifupi. Funsaninso ngati ndi lopyapyala.

[Kamera iloza chikalata chomatidwa pa power supply.]

Tsopano tafika pa nkhani yeniyeni, ndipo pano ndichedwapo pang'ono. Magetsi.

Werengani chikalata chomatidwa pa power supply yanu. Pa 7010 yaikulu mupeza mawati 275. Pa 9020 yaikulu ndi 290. Zopyapyala zili pansi: 240 pa 7010, 255 pa 9020. Mphamvu imeneyi agawane processor, motherboard, hard drive, mafani, ndiye khadi lidzapeze zotsala. Ndipo power supply imene yagwira ntchito zaka zoposa khumi, yamwa fumbi, yapirira kuthimathima kwa magetsi, musaiyembekezere kuti ikutulutsabe zonse zolembedwa pachikalatapo.

Nambala yoti muisunge m'mutu ndi 75. Slot ya PCIe payokha imatha kupatsa khadi mawati osapitirira 75. Khadi lofuna zoposa pamenepo limakhala ndi potsekera nthambo yapadera pamwamba kapena kumapeto kwake: ya mabowo 6, imene imawonjezera mawati 75, kapena ya mabowo 8, imene imawonjezera 150. Tsopano fufuzani m'gulu la nthambo zochokera mu power supply ya OptiPlex. Simuipeza nthambo yotere. Kulibe. Makompyuta a mu ofesi sanawakonzere zimenezo.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu wagula RX 580 chifukwa yatchipa, khadi la mawati 185 lofuna nthambo ya mabowo 8. Wafika kunyumba, nthambo palibe. Wabwerera ku tauni, ndipo wina wamugulitsa kanthambo kosinthira kuchoka pa SATA (nthambo yopatsa magetsi hard drive) kupita pa khadi, n'kumuuza kuti, “Bwana, izi zimagwira bwinobwino.” Abale anga, musayerekeze. Potsekera pa SATA panapangidwira mawati pafupifupi 54 pa nthambo ya 12V. Kukokera mawati oposa 100 pamenepo kuli ngati kulumikiza mbaula yamagetsi pa nthambo ya wailesi. Pulasitiki amasungunuka, ndipo mukakhala ndi mwayi kompyuta imangozima pakati pa gemu. Mukapanda mwayi, mumva fungo.

Kodi power supply singasinthidwe? Pa 7010 yaikulu n'zotheka, chifukwa motherboard yake imalandira nthambo wamba ya mabowo 24. Pa 9020 Dell anasintha n'kuika potsekera pawopawo pa mabowo 8, ndiye mufunika adaputa yochoka pa 24 kupita pa 8. Pa SFF ingoiwalani, power supply wamba ilibe pokhala. Maganizo anga ndi awa: ngati mukugula power supply yatsopano, adaputa ndi khadi lalikulu, khalani pansi muwerengetsere ndalama zonse. Nthawi zambiri mumapeza kuti mwatsala pang'ono kufika pa mtengo wa kompyuta ina yabwinoko.

[Pa sikirini pakubwera zithunzi za makhadi limodzilimodzi.]

Ndiye tikhale pansi pa 75. Tili ndi chiyani?

GTX 750 Ti ya 2014 imadya mawati 60 ndipo ili ndi 2GB. Inali ngwazi m'nthawi yake, koma lero 2GB imatha msanga. GTX 1050 Ti ya 2016 ili ndi 4GB pa mawati 75, ndipo ndi imene inapangitsa ma OptiPlex ambiri kusanduka makompyuta a magemu. GTX 1650 ya 2019 ndi yamphamvu kuposa pamenepo pa magetsi omwewo, ndipo pa makina awa ndi imene ine ndimaikonda. Samalani chabe, chifukwa mitundu ina ya 1650, ngakhalenso ya 1050 Ti, imakhala ndi potsekera pa mabowo 6. Onani chithunzi cha khadi lenilenilo, osati dzina lokha. Amene thumba likulola, kuli RTX 3050 ya 6GB imene inatuluka mu 2024, ya mawati 70. Musaisokoneze ndi mkulu wake wa 8GB, amene amafuna nthambo.

Dziwaninso kuti Nvidia, kampani yopanga makhadiwa, anasiya kutulutsa ma driver (mapulogalamu oyendetsa khadi) atsopano a magemu a 750 Ti ndi 1050 Ti chakumapeto kwa 2025. Makhadiwo sanafe, magemu akale akuyendabe, koma ndi chifukwa china chokondera 1650 ngati mitengo yayandikana.

Tsopano makhadi atatu amene amafuna kuwayang'anitsitsa.

GT 1030 ndi kakhadi ka mawati 30, kopyapyala, kolowa paliponse. Vuto lake n'lakuti pali mitundu iwiri yogulitsidwa ndi dzina limodzi. Wina uli ndi memory ya GDDR5, yothamanga 48GB pa sekondi. Wina uli ndi DDR4, yosafika ngakhale 17GB pa sekondi. Katoni ndi yofanana, mtengo n'kutheka wofanana, koma wa DDR4 pa magemu ndi wofooka kwambiri. Werengani zilembo zing'onozing'ono.

RX 6400 ya AMD, ya 2022, imaoneka ngati yankho la SFF: mawati 53, 4GB, ndipo ilipo yaifupi ndi yopyapyala yolowa pa slot yabuluu ija. Koma inapangidwa ndi misewu inayi yokha ya PCIe, poganiza kuti muli ndi PCIe 4.0. Makompyuta athuwa ndi a 3.0, ndipo ngati muli ndi i3-3220 mu 7010, slot yanu ikuyenda pa 2.0. Gemu ikadzaza 4GB ija, khadi limayamba kutunga zinthu kudzera pa msewu wopapatizawo, ndipo chithunzi chimadodoma. Chinanso, RX 6400 ilibe chigawo chopanira mavidiyo, choncho amene mukufuna kujambula magemu anu pa pulogalamu ya OBS kapena kuulutsa pa YouTube, si yanu. GT 1030 nayonso ilibe. GTX 1650 ili nacho.

Makhadi a Intel Arc, monga A310 ndi A380, amadalira chinthu chotchedwa Resizable BAR kuti athamange bwino, ndipo BIOS (pulogalamu ya mkati yoyatsira makina) ya makompyuta akalewa ilibe. Alambalaleni.

[Kamera ikuonetsa pulogalamu ya GPU-Z pa sikirini.]

Kunja kuno kulinso makhadi achinyengo. Akatswiri oipa amatenga khadi la 2010 ngati GTS 450, n'kulemba dzina lina mu BIOS yake kuti Windows izinena kuti ndi GTX 1050 Ti ya 4GB. Likuyaka, dzina likuoneka, koma gemu ikangofuna memory yoposa imene ilipodi, imagwa. Chizindikiro choyamba ndi mtengo wokoma mopitirira. Chachiwiri ndi potsekera pabuluu pa VGA kumbuyo, chifukwa kuyambira pa makhadi a GTX 10, gulu la 1050 Ti, Nvidia anachotsa njira yakale ya VGA. Chachitatu, tengani GPU-Z pa flash, ndi yaulere, ndipo pemphani wogulitsa kuti muliyesere pomwepo. Pulogalamuyi imazindikira makhadi ambiri otere ndipo imalemba poyera kuti ndi abodza. Wogulitsa akayamba kuzembazemba, nyamukani.

Za processor ndinene mwachidule. i5-3470 ndi i5-4570 zili ndi ma core anayi. Pa GTX 1650 zimayenderana bwino. Mukaika khadi lamphamvu kwambiri, limangokhala likudikira processor, ndalama yanu ili chigonere. Komanso ma processor a mu 7010 alibe malangizo otchedwa AVX2, amene anayamba ndi m'badwo wa mu 9020, ndipo magemu ena atsopano amakaniratu kutseguka popanda iwo, kaya khadi ndi lotani. Ngati kompyuta yanu ikadali ndi RAM ya 4GB ndi hard drive yozungulira, yambirani pamenepo. Timitengo tiwiri ta DDR3 tokwana 16GB ndi SSD zimasintha kompyuta kuposa mmene ambiri amaganizira.

[Manja okha ndi amene akuoneka, akugwira ntchito m'bokosi.]

Kuika kwenikweniko n'kosavuta. Zimitsani kompyuta, zulani nthambo kukhoma, dinikizani batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo cha bokosi musanagwire khadi. Popeza mwatsegula kale, pemererani fumbi, makamaka pa fani ya processor, chifukwa khadi libweretsa kutentha kwina m'bokosi la mpweya wochepa kale. Chotsani kachitsulo kotseka kumbuyo, lunjikitsani khadi pa slot, kanikizani mofanana mbali zonse mpaka kapulasitiki kogwira khadi kumapeto kwa slot kalire kuti “tha”. Mukadzafuna kulichotsa, yambani mwamasula kapulasitiki kameneka, musadzazule slot yonse.

Ngati munali khadi lina, makamaka mukuchoka ku AMD kupita ku Nvidia kapena kubwerera, chotsani ma driver akale ndi pulogalamu ya DDU musanasinthe. Atsopano katengeni pa tsamba la Nvidia kapena AMD. Ndi aakulu, mazana angapo a MB, choncho konzani bandulo.

[Kompyuta yayaka, mafani akuzungulira, koma sikirini ndi yakuda.]

Mwayatsa, mafani akulira, koma sikirini ili bii. Mtima usagwe. Yang'anani kumbuyo: nthambo ya monita ili pati? Kawirikawiri imakhala ikadali pamwamba apa, pa motherboard. Itsitseni, ilowe pa khadi.

Ngati monita yanu ndi ya VGA yokha, kaadaputa kamba kochoka pa DVI sikagwira pa makhadi atsopanowa, chifukwa DVI yawo ndi DVI-D. Mufunika kochoka pa HDMI kapena DisplayPort kupita pa VGA, kokhala ndi kachipangizo kosinthira mkati.

Zikakanikabe, zulani khadi, mulibwezeretse molimba. Zikapitirira, nkhani ingakhale BIOS. Makompyuta ena akale, makamaka a m'mbuyo mwa 2012, amakana makhadi atsopano mpaka BIOS itakonzedwa. Chotsani khadi, bwezerani monita pa motherboard, pitani pa tsamba la Dell, lembani Service Tag (nambala yomatidwa pa bokosi) ya kompyuta yanu, ndipo ikani BIOS yomaliza. Izi zokha musazichite nthawi imene magetsi akuphethiraphethira, pokhapokha muli ndi UPS, batire losungira magetsi a kompyuta, chifukwa akathima pakati pa ntchitoyi, motherboard mwina siyakanso.

[Gemu ikuyenda, pakona pa sikirini pali manambala a kutentha.]

Chithunzi chikabwera, musafulumire kutseka bokosi n'kulikankhira pansi pa tebulo. Tsegulani gemu yolemera, musewere kwa theka la ola GPU-Z ili yotsegula pa tsamba la Sensors. Khadi likamakhala m'ma 70, zili bwino. Likamadutsa 83 n'kumatsitsa liwiro lokha, bokosi likusowa mpweya, ndipo pa SFF yesaninso chivindikiro chili chotseka, chifukwa manambala amasintha. Kompyuta ikazima yokha pakati pa gemu popanda uthenga uliwonse, musaimbe mlandu khadi. Kawirikawiri ndi power supply imene yalephera katundu, ndipo musapitirize kuikakamiza mpaka mutaisintha kapena mutatsikira pa khadi lodya magetsi ochepa.