Baulekani chaka chino chokha

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Luka 13:6-9.

Munthu wina anali ndi mkuyu m'munda wake wa mphesa. Zaka zitatu ankabwera kudzafuna nkhuyu, osapezamo ngakhale imodzi. Atatopa, anauza wosamalira munda kuti audule chifukwa ukungotha nthaka pachabe. Wosamalira munda uja anapempha kuti mtengowo aupatse chaka chimodzi chokha, iye akumbire mozungulira ndi kuthirapo ndowe. Ukabala, zili bwino. Ukapanda kubala, audule.

Ambiri tikamva fanizoli timatolapo chinthu chimodzi, chakuti Mulungu ndi woleza mtima, n'kupita. Zimenezo n'zoona. Koma tamverani bwino pempho la wosamalira munda. Anatchula nthawi, chaka chimodzi. Anatchula ntchito, kukumba ndi kuthira ndowe. Ndiponso anavomera kuti pamapeto padzakhala chigamulo. Ndiye kuti amene anapempha chifundo ndi yemweyo amene anadzisenzetsa khasu. Walira mvula walira matope.

Amene amasamalira mitengo ya zipatso amadziwa kuti ntchito imeneyi ili ndi kachitidwe kake. Sukumba patsinde penipeni. Mizu ing'onoing'ono imene imayamwa chakudya ili kutali ndi tsinde, cha pamene nthambi zathera, pomwe madzi a mvula amadontha kuchoka m'masamba, ndipo ngalande yozungulira imakumbidwa pamenepo, yosazama kwambiri kuti khasu lisadule mizu ikuluikulu. Ndowe yake ikhale yowola bwino, yozizira, chifukwa yaiwisi imawotcha mizu. Ukaiunjika patsinde, khungwa limawola ndipo chiswe chimapeza njira. Ukatha, umakwirira ndi dothi, n'kuphimba ndi udzu kuti chinyezi chisathawe. Manyowa omwewo amene akanapulumutsa mtengo angathe kuupha ngati athiridwa pamalo olakwika.

Mu mzinda wa Melbourne ku Australia muli timu yotchedwa Richmond, ya makaka achikasu ndi akuda, imene mbiri yake ya zaka zaposachedwapa ikuonetsa bwino kuti chaka chowonjezera chimagwiritsidwa ntchito bwanji. Imasewera mpira wa malamulo a ku Australia mu ligi ya AFL. Mpira wake ndi wosiyana ndi umene tinazolowera. Bwalo ndi lalikulu, lozungulira ngati dzira, mpirawonso ndi wooneka ngati dzira, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi osewera 18 m'bwalo. Kumapeto konse kuwiri kwa bwalo kuli mitengo inayi yoimirira. Ukamenya mpira ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali popanda wina kuukhudza, chimenecho ndi chigoli cha mapointi 6. Ukadutsa pakati pa mtengo wautali ndi waufupi, kapena ukagunda mtengo wautali, ndi pointi imodzi. Kuponya mpira n'koletsedwa: umaugwira ndi dzanja limodzi n'kuumenya ndi chibakera cha dzanja linalo. Wothamanga ndi mpira ayenera kuunjanjitsa pansi pa mamita 15 alionse. Ukawakha m'malere mpira umene wamenyedwa ndi phazi kuchokera pa mamita 15 kapena kuposa, palibe amene angakugwire, umamenya mwaufulu. Mu 2017 mu ligi munali matimu 18, ndipo 8 apamwamba ndi amene ankalowa m'ndime yolimbirana chikho.

Richmond inatenga chikho mu 1980, kenako mtengo unasiya kubala. Mphunzitsi amene anawatengera chikhocho, Tony Jewell, anamuchotsa chitangotha chaka cha 1981. Kuyambira pamenepo nkhwangwa sinapumule: zinthu zikavuta, ankachotsa mphunzitsi n'kubweretsa wina. Mu 1990 ngongole zinatsala pang'ono kuitseka timuyo, mpaka masapota anachita kusonkha ndalama m'zitini. Kuchokera mu 1983 kufika mu 2012 analowa m'ndime yolimbirana chikho kawiri kokha, mu 1995 ndi mu 2001. Kasanu ndi kamodzi anathera pa nambala 9, pakhomo penipeni, mpaka anthu anayamba kuwaseka nazo. Kudula n'kubzala wina, kudula n'kubzala wina, nthaka ili yomweyo yosakumbidwa.

Damien Hardwick anayamba kuphunzitsa timuyi mu 2010, ndipo masewero 9 oyamba anagonja onse. Pang'onopang'ono zinthu zinayamba kusintha, moti mu 2013, 2014 ndi 2015 analowa m'ndime ija. Koma zaka zitatu zonsezo anatuluka pa masewero oyamba, atagonja kwa matimu a Carlton, kenako Port Adelaide, kenako North Melbourne. Zaka zitatu mwini munda akubwera kudzafuna nkhuyu, masamba ali biriwiri, chipatso palibe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2016 zinafika poipa. Anapambana masewero 8, kugonja 14, n'kuthera pa nambala 13, ndipo masewero otsiriza Sydney inawakwapula ndi mapointi 113. Gulu lina la mamembala linadzuka kufuna kugwetsa bodi yonse. Mbiri ya timuyi inkanena chinthu chimodzi: dulani.

Pulezidenti wa timuyo, Peggy O'Neal, ndi mkulu woyendetsa ntchito, Brendon Gale, sanadule. Koma sanapindenso manja n'kumati zidzakhala bwino. Apa ndi pamene pali phunziro lathu, ndiye tiyeni tione malo amene anakumba.

Anakumba mozungulira mphunzitsi. Othandizira ake angapo anachoka, kunabwera Blake Caracella ndi Justin Leppitsch, ndipo Neil Balme, munthu wamkulu wofatsa amene anaona zambiri mu mpirawu, anaikidwa kuyang'anira mbali yonse ya zamasewero. Anakumba pa osewera. Brett Deledio, mmodzi mwa akatswiri awo okondedwa, anapita ku timu ya Greater Western Sydney (GWS), ndipo kunabwera Dion Prestia, Josh Caddy ndi Toby Nankervis. Hardwick mwini wake anavomera poyera kuti mu 2016 anauma mtima, anasiya kumvera anzake, ndipo ankafuna kulamulira kanthu kalikonse. Kuvomera kumeneko sikophweka kwa munthu amene wakhala pampando zaka zisanu ndi ziwiri.

Anakumbanso pa kaseweredwe, ndipo apa m'pofunika kufotokoza bwino chimene chinkalakwika. Mu 2016 ankakonda kusunga mpira, kupatsirana pafupipafupi cham'mbali ndi cham'mbuyo, kuopa kulakwitsa. Vuto la kusewera choncho n'lakuti adani amapeza nthawi yobwerera ndi kutseka malo onse, ndipo mpira umodzi ukaphonyeka pakati pa bwalo, kumbuyo kumakhala kopanda munthu. Osewera awo ambiri sanali akatswiri omenya mpira molunjika bwino, komabe ankawasenzetsa kaseweredwe kofuna zimenezo. Mu 2017 anafunsa funso lina: anyamata amene tili nawowa amatha chiyani? Anali ndi liwiro. Ndiye kutsogolo anasiyako wamtali mmodzi yekha, Jack Riewoldt, n'kumuzunguliza ndi anyamata aafupi othamanga monga Daniel Rioli, Dan Butler ndi Jason Castagna. Lamulo linali losavuta: mpira upite kutsogolo mwanjira iliyonse, ngakhale pougunda kapena kuukankha pansi, ndipo ukatayika, thamangitsa, gwira, usampatse mdani mpata wodzutsa mutu. Mdani wopanikizika amamenya mwachisawawa, ndipo Alex Rance ndi anzake a kumbuyo ankangoyembekezera kutola. Mtengo unali womwewo, koma chakudya chinayamba kufika pamene pali mizu.

Ndowe yeniyeni, yonunkha imene munthu safuna kuigwira, inali ya m'mitima. Pokonzekera 2017 osewera anayamba kuimirira mmodzimmodzi pamaso pa anzawo n'kunena zinthu zitatu: chowawa chachikulu chimene anakumana nacho m'moyo, chosangalatsa chachikulu, ndi munthu amene amamuona ngati ngwazi yake. Kaputeni Trent Cotchin, amene anthu anamunyoza kwambiri mu 2016, anauza anzake za mantha ake ndi kuti ankayesa kuoneka wangwiro pamene sanali. Anyamata amene akhala limodzi zaka zambiri anayamba kudziwana kumene. Zimenezi si za mpingo, ndipo sitikunena kuti timuyi inatembenuka mtima. Koma ife amene tili ndi Yakobo 5:16, wotiuza kuti tiululirane machimo ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe, tiyenera kuchita manyazi pang'ono kuti anthu a mpira anatipambana pa kulankhula zoona. M'magulu athu ambiri a mapemphero aliyense amayankha kuti ali bwino.

Zipatso sizinabwere molunjika. Anapambana masewero 5 oyamba a 2017, kenako anagonja 4 otsatizana: Adelaide inawaposa ndi mapointi 76, ndipo atatu enawo anagonja ndi mapointi 5, 2 ndi 3. Pakati pa chaka St Kilda inawamenya ndi 67. Pa nthawi ngati imeneyo ambiri amabwerera ku njira yakale, kapena kufukula mizu kuti aone ngati manyowa akugwira. Iwo anakhala pa zimene anagwirizana. Anathera pa nambala 3, anagonjetsa Geelong ndi GWS, ndipo pa 30 September 2017, pa bwalo la Melbourne Cricket Ground pamaso pa anthu oposa 100,000, anakumananso ndi Adelaide yomwe ija. Chigawo choyamba mwa zinayi Adelaide inkatsogola ndi mapointi 11. Chigawo chachiwiri Adelaide sinamwetse chigoli ngakhale chimodzi, chifukwa cha kupanikiza kuja. Masewero anatha Richmond ili ndi zigoli 16 ndi mapointi apadera 12, zonse 108, Adelaide ili ndi 60. Mnyamata wina, Jack Graham, anali pa masewero ake achisanu okha mu ligi, koma anamwetsa zigoli zitatu. Zaka 37 za njala zinathera pamenepo. Anatenganso chikho mu 2019 ndi mu 2020, ndipo Dustin Martin anasankhidwa wosewera wapamwamba m'mafainolo onse atatu.

Tisapotoze Mawu. Yesu sananene fanizoli kuti atilonjeze chikho. Werengani mavesi asanu oyamba a mutu womwewo: anthu ankakamba za Agalileya amene Pilato anawapha, Yesu n'kuwonjezera za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo kawiri konse anati mukapanda kulapa mudzawonongeka chimodzimodzi. Chipatso chimene mwini munda akufuna ndi kulapa. Mkuyu ndi ife, ndipo tsiku la lero tadzuka chifukwa pali Wina amene akutipempherera, monga Aheberi 7:25 akunenera. Akamakumba mozungulira moyo wanu, akamagwedeza zimene munazolowera, akamachotsa anzanu ena n'kubweretsa munthu wokuuzani zoona, musathawe khasu.

Komanso pa malo ena inu ndinu wosamalira munda. Pali mwana amene walephera mayeso kachiwiri, wantchito amene sakupindula, banja limene lazizira, kwaya kapena bungwe la amayi limene latsala ndi dzina lokha. Musanadule, khalani pansi lero ndi pepala. Lembani nthawi yeniyeni, kaya ndi teremu imodzi, miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo mnzanuyo aidziwe. Lembani chipatso chimene mukuyembekezera m'mawu amene nonse mungathe kuchiona, chifukwa mawu akuti “usinthe” sathandiza aliyense. Kenako funsani pamene pali mizu: mwanayo kodi ndi ulesi, kapena saona bwino pa bolodi, kapena amapita kusukulu ndi njala? Wantchitoyo mwamuika pa ntchito imene amatha? Lembani zimene inuyo musinthe, chifukwa kawirikawiri nthaka youma ndi khalidwe la woyang'anira. Ndipo mawu odzudzula muyambe mwawasiya azizire m'pemphero. Chidzudzulo chotentha, chonenedwa muli ndi mkwiyo kapena pagulu, chimawotcha ngati ndowe yaiwisi. Pali chinthu chimodzi chimene fanizoli silikuphimba: pamene pali nkhanza, kumenyedwa kapena kugwiriridwa, palibe chaka chodikira. Wovutikayo achoke pangozi ndipo nkhaniyo ipite kwa oyenera lero lomwe.

Ku Richmond nyengo ija inapita. Hardwick anatula pansi udindo mu May 2023 atanena kuti wapereka zonse zimene anali nazo. Cotchin ndi Riewoldt anapuma chaka chomwecho, Martin mu 2024, ndipo chaka chimenecho timuyo inapambana masewero awiri okha n'kuthera pansi pa onse, ili ndi mphunzitsi watsopano, Adem Yze. Zitatero anayamba kukumbanso, ndi anyamata ang'onoang'ono. Luka nayenso sanatiuze ngati mkuyu uja unabala.

Tipemphere. Atate, zikomo chifukwa cha m'mawa uno umene sitinaugwirire ntchito. Ambuye Yesu, kumbani pamene pauma mwa ife, ngakhale zitipweteke. Tikumbutseni dzina la munthu amene tinali pafupi kumutaya, ndipo mutipatse mawu ozizira oti tikalankhule naye dzuwa lisanalowe. Ameni.