Alamu, sandipepayo muikeni kaye pansi

Alamu, mwaswera bwanji uko ku Chibavi? Zithunzi za galimoto zija, zoonetsa mizere imene yakalika pa penti, ndaziona. Manja ali penti yekhayekha, kulemba sindingathe, ndiye ndingolankhula. Muzimvera muli pafupi ndi galimotoyo, muziimitsa uthengawu pamene mukufuna kuyesa zimene ndikunenazo.

Sandipepa amene mukuti mwagulayo muikeni kaye pansi. Tisanapale chilichonse tidziwe kaye kuti mzerewo walowa kufika pati, chifukwa penti wa galimoto ndi wosanjikiza. Pansi penipeni pali chitsulo. Pamwamba pa chitsulo pali pulayima, kawirikawiri amakhala wotuwa, ntchito yake ndi kugwira chitsulo ndi kutchinga dzimbiri. Kenako pamabwera penti wa mtundu, amene amachititsa kuti muziti Sienta yanga ndi ya siliva. Pamwamba pa zonsezi pali kiliya, wopanda mtundu, ndiye amene amanyezimira uja. Zonsezi mukaziphatikiza, kukhuthala kwake kuli ngati pepala limodzi la m'kope la mwana wa sukulu, ndipo kiliya yekha ndi theka la pepalalo kapena kucheperapo. Ndiye mukamva ndikuti palani pang'ono, ndikutanthauza pang'ono zenizeni. Kiliya akatha watha, sameranso.

Yambani ndi kutsuka. Osati ndi sopo wa ufa wochapira zovala, iyayi. Ngati muli ndi shampu wa galimoto, yemweyo. Apo ayi, madontho pang'ono a sopo wamadzi wotsukira mbale m'ndowa, kwa lero lokha, poti tikufuna wakisi wakale ndi mafuta zichoke. Thirani madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha musanagwirepo ndi nsalu. Fumbi la misewu yathuyi lili ndi timchenga, mukalipukuta louma ndiye kuti mwaonjezera mizere ina. Ndipotu mizere yambiri imene ndimaiona kuno ku Luwinga si ya ngozi ayi. Ndi ya kotsukitsa: nsalu imodzi ayamba nayo matayala, amaliza nayo boneti, madzi ake omwewo.

Pakauma, nyowetsani chala mupake madzi pa mzerewo. Ukazimiririka pamene pali ponyowa n'kubwereranso pakauma, mwayi wanu, wangokala kiliya yekha. Kenako yendetsani chikhadabo mopingasa mzerewo, osati moutsatira. Chikadutsa osakodwa, mzerewo ndi wapamwamba. Chikakodwa, walowa. Ukakhala kuti walowa, yatsani tochi ya foni muyang'ane mkati mwake. Mukaona motuwa mosawala, ndi pulayima ameneyo. Mukaona mowala ngati mpeni, ndi chitsulo. Mukaona mofiirira, dzimbiri layamba kale. Pa galimoto ya siliva ngati yanuyi pamafunika kuyang'anitsitsa, chifukwa pulayima ndi pentiyo amaoneka ngati apachibale.

Chithunzi cha pa bampala chija, ine ndikuona ngati si mzere n'komwe. Ndi penti wa chinthu china amene wamatirira pamwamba, mwina geti, mwina anyamata a sacramento, akabaza a njinga zakapalasa aja, kapena a njinga zamoto akukhudzani popanikizana pa depoti paja. Muzimva ndi chala: ngati chakuda chija chatumphuka pamwamba m'malo molowa mkati, chichoka ndi kompaundi yekha, mankhwala otikitira penti amene ndifotokoze posachedwa. Komanso bampala ndi pulasitiki, siichita dzimbiri, ndiye ngakhale itakalika kwambiri palibe chothamangira. Chothamangira ndi chitseko ndi fenda, mbali ya pamwamba pa tayala ija, poti ndi zachitsulo.

Tiyambe ndi wapamwamba uja. Mupite ku shopu ya zipangizo za galimoto m'tauni, mukanene kuti mukufuna rubbing compound, ife timangoti kompaundi, ndi polishi, ndi tinsalu tiwiri kapena titatu ta microfibre. Mukasowa timeneti, malaya akale a thonje ofewa, ochapa bwino, opanda mabatani ndi zolembalemba. Ikani galimoto pamthunzi, chitsulo chikhale chozizira mukachigwira. Finyirani kompaundi pa nsalu, kadontho kamodzi kokha, osati pa galimoto. Tikitani pa mzerewo, malo aang'ono osaposa chikhatho chanu, mukukanikiza pang'ono, kwa theka la mphindi. Pukutani ndi nsalu ina youma, muyang'ane. Ukadalipo, bwerezani. Kawiri, katatu. Chimene kompaundi akuchita si kudzaza mzere ayi, akudya kiliya wa m'mbali mwake kuti atsike afanane ndi pansi pa mzerewo. N'chifukwa chake ndikuti muziima n'kumayang'ana. Mukamaliza paoneka pothimbirira pang'ono, musadandaule, polishi ndi amene abweze kunyezimira. Mupake ndi nsalu ina yoyera, osati ya kompaundi ija.

Nsalu yanu isasinthe mtundu. Ikayamba kutenga siliva, imani pomwepo, mwabowola kiliya. Galimoto zina zoyera za Toyota, makamaka zakale zija, zilibe kiliya, penti wake ndi wa ulendo umodzi, ndiye nsalu imayera ngakhale usanalakwitse kanthu. Koma yanuyi si ya gulu limenelo.

Tsopano sandipepa uja. Tembenuzani muone nambala kumbuyo. Ngati palembedwa 80, 120, 220, ameneyo ndi wa akalipentala, musamuyandikitse n'komwe. Wa pa kiliya ndi 2000 ndi 3000, wogwiritsa ntchito ndi madzi, amalemba kuti waterproof. Nambala ikamakula ndiye kuti akusalala. Ndipo mumugwiritse ntchito pokhapokha kompaundi walephera, koma chikhadabo chikungokodwa pang'onong'ono. Dulani kachidutswa kakang'ono, kaviikeni m'madzi a sopo mphindi 15. Kakulungeni pa labala wofufutira pensulo, chifukwa chala chokha chimakumba kadzenje. Malowo akhale onyowa nthawi zonse. Yendetsani mopepuka kasanu kapena kasanu n'kamodzi, pukutani, yang'anani. Madzi ake azituluka oyererako, ndi kiliya ameneyo akudyeka. Yambani ndi 2000, malizani ndi 3000, kenako kompaundi, kenako polishi. M'mphepete mwa chitseko ndi pamene chitsulo chapindika, penti amakhala wopyapyala kwambiri, matanipo tepi ya pepala ija, musafikepo. Ndikuuzeni zoona alamu, ngati mtima ukukayika, gawo la sandipepali lidumpheni. Mzere wotsala pang'ono umapiririka. Kiliya wobowoka ndiye kuti chitseko chonse tipope, ndipo ndalama zake simuzikonda.

Chabwino, tibwere ku mzere wa pa chitseko, umene ndikuukayikira kuti wafika pa chitsulo. Apa kupala sikuthandiza, pakufunika kudzaza.

Musakagule penti pongoti wa siliva. Siliva alipo wamitundumitundu. Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya mtundu wake. Tsegulani zitseko zakutsogolo muyang'ane pa chipilala, pakakhala palibe tsegulani boneti, mupeza kachitsulo kapena kapepala komata kolembedwa manambala. Pa Toyota fufuzani pamene alemba COLOR kapena C/TR. Nambala yake imakhala ya zilembo zitatu: 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi yoyera ya pearl, 202 ndi yakuda, 1F7 ndi siliva. Jambulani, mupite nayo kwa osakaniza penti wa galimoto. Koma muchenjere apa. Galimoto zathuzi zimachokera ku Japan, kutsikira ku Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, ndipo zina zimafika m'manja mwathu zitapopedwapo kale penapake. Komanso dzuwa limasintha penti pakapita zaka. Ndiye mupite ndi galimoto yomweyo, osakanizawo ayerekeze ndi kachitseko kothirira mafuta kaja. Muwauze kuti ndi wongodonthezera pa mzere, akupatseni wochepa kwambiri m'kabotolo, ndi kiliya pang'ono, ndi pulayima pang'ono.

Tsiku logwira ntchitoyi musankhe bwino, poti Mzuzu mukumudziwa. Penti amauma bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 25, ndipo kunja kukhale kouma. M'mawa wa Juni ndi Julayi kuno sitifikapo pamenepo. Chifunga chija ndi kamvula kowaza kaja ndi adani a penti: chinyezi chikalowa asanaume, kiliya amachita mbuu, sawala. Dikirani tsiku la dzuwa, muyambe cha m'ma 10 koloko mame atauma, koma galimoto ili pamthunzi, ndipo mumalize msanga kuti ikamafika 4 koloko penti akhale atagwira. Usiku igone pansi pa denga. Kukakhala mphepo ya fumbi, siyani, mawa lilipo.

Ngati muli dzimbiri mumzeremo, lichoke lonse. Pindani kachidutswa ka sandipepa wa 400 kakhale kosongoka, muzikanda mkati mwa mzere mokhamokha mpaka chitsulo chiwale. Matani tepi uku ndi uku kuti musakale penti wabwino. Mukapaka penti pamwamba pa dzimbiri, limapitiriza kudya pansipansi, miyezi ingapo muona patuluka matuza. Mukatero pukutani ndi spiriti, pa kansalu koyera, dikirani aume. Kuyambira pamenepo musagwirepo ndi chala, chala chili ndi mafuta.

Chopakira chisakhale burashi yaikulu. Songolani kamtengo ka machesi, kapena kotokosera m'mano. Viikani kunsonga kokha, mugunditse mumzeremo, penti atsike yekha. Mukudontheza, simukupaka. Yambani ndi pulayima pamene pali chitsulo, wopyapyala, mumusiye ola lathunthu, kunja kukazizira muonjezerepo. Kenako penti wa mtundu. Mukhutchumule kabotoloko bwinobwino, chifukwa siliva ali ndi tizitsulo timene timakhazikika pansi, mukapanda kutero atuluka wakuda. Donthezani kamodzi, dikirani mphindi 20 kapena 30, donthezaninso. Ulendo woyamba paoneka ngati simunachite kanthu, ndiye anthu ambiri amapsa mtima n'kuthira wambiri nthawi imodzi. Wambiriyo amauma pamwamba pokha, pansi ali wamadzi, kenako amakwinyika kapena kuyenderera. Maulendo awiri kapena atatu opyapyala akwana, ndipo musadzaze mpaka pakamwa, musiyire kiliya malo. Kiliyayo muike mawa lake, nayenso pang'onopang'ono, mpaka atumphuke pang'ono kuposa penti wa m'mbali, chifukwa akamauma amaphwa.

Ndiye muisiye. Sabata yathunthu musaigwirepo, kuno kozizira kuno. Kuyenda nayo yendani, koma kotsukitsa muwauze asakhudzepo. Sabata ikatha, ngati katumphuka kaja kakukusowetsani mtendere, ndi pamene mungatenge 2000 ndi 3000 pa labala paja, ndi madzi, kusalaza mopepuka, kompaundi, polishi. Wakisi dikirani mwezi, penti watsopano amafunika apume kaye.

Tiziphuphu ta pa boneti timene timabwera ndi miyala ya pa M1, mukamatsatira thiraki ku Chikangawa uko, njira yake ndi yomweyi, kadontho kamodzikamodzi.

Musayembekezere kuti pazimiririka ngati sipanachitike kanthu, makamaka pa siliva ndi pa pearl. Tizitsulo ta mupenti tija tikadonthezedwa sitigona mofanana ndi mmene timagonera akapopa ku fakitale, ndiye mukayandikira muona kamzere kosiyana pang'ono. Munthu woima patali masitepe atatu sakaona. Chachikulu chimene mwapindula n'chakuti madzi safikanso pa chitsulo, ndipo ndi mvula ya kuno, imene imafika mpaka Epulo osatopa, chimenecho si chaching'ono. Ngati penti simumupeza sabata ino, pakani kyutekisi wopanda mtundu mumzeremo, angotchinga madzi podikira. Koma tsiku lokonza adzachoke kaye.

Za anzanu a kuntchito aja akuti mankhwala otsukira mano, eya, amadya pang'ono ngati kompaundi wofooka, pa timizere tosaoneka bwino angathandizeko, pa chitseko chanucho ayi. Mafuta ophikira kapena oyilo amangobisa, mukatsuka kamodzi mzere uja wabwerera. Koma pali zina zimene sindikufuna kumva kuti mwayesa. Brake fluid amasupula penti mpaka pa chitsulo. Thinazi amasungunula penti, makamaka ngati galimoto inapopedwapo kale. Waya wokwechera mapoto ndi ufa wotsukira masinki, zimenezo zisiyeni kukhitchini.

Penti wa m'chitini wopopa uja ndisakunamizeni, pakati pa chitseko amasiya chigamba choonekera kuposa mzere umene mumafuna kubisa. Ndipo wina akakupatsani penti kapena kiliya wa 2K, wosakaniza ndi hadena, mankhwala oumitsa penti aja, musamupope pakhomo pali ana. Utsi wake umaononga mapapo, kamasiki kansalu sikatchinga kanthu.

Pali zina zimene si za pakhomo. Ngati chitsulo chaphwanyika n'kulowa mkati, ngati pokalikapo ndi potambalala kuposa chikhatho, ngati dzimbiri labowola, kapena ngati kiliya wayamba kusupuka yekha padenga ndi pa boneti chifukwa cha dzuwa, kompaundi sangathandize, pamafunika kupopa. Zikakhala choncho muwauze achimwene aibweretse Loweruka m'mawa, asanaitsukitse ndi wakisi, ndidzaione ndi maso.