Walter Payton, Katswiri Amene Ankabisa Ululu

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Anyamata muli kumbuyoko, sunthirani kuno, malo alipo, mawu anga si a mkuzamawu.

Atandipempha kuti ndidzayankhule za masewera ndi banja, ndinaganiza zoti ndibweretse munthu wakutali, wa dziko lina ndi masewera ena, kuti pasakhale wina wonena kuti ndikunena mlamu wake. Dzina lake ndi Walter Payton, wa ku America, ndipo ankasewera mpira umene kumeneko amautcha football. Musaganize za mpira wathu wa miyendowu. Wawo ndi wosongoka mbali zonse ziwiri ngati papaya, amaunyamula m'manja, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11 ovala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Bwalo lake ndi lotalika mayadi 100, pafupifupi mamita 91. Ntchito ya Payton inali yolandira mpira n'kuthamanga nawo kulowa pakati pa zimphona zimene zikufuna kumugwetsa. Ukagwa, umadzuka, n'kuyambanso. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake kwa zaka 13.

Anabadwira m'tauni yaing'ono ya Columbia m'chigawo cha Mississippi, nthawi imene ana akuda ndi ana a azungu ankaphunzira sukulu zosiyana. Bambo ake, a Peter, ankagwira ntchito m'fakitale, mayi ake anali a Alyne. Anali ndi mkulu wake Eddie komanso mlongo wake Pamela. Chimene ndimachikonda pa ubwana wake n'chakuti poyamba sanali wa mpira. Ankaimba ng'oma m'gulu la oimba la pasukulu. Katswiri wa mpira pabanjapo anali Eddie, ndipo mng'onoyu sankafuna kulimbirana malo ndi mkulu wake. Eddie atachoka pasukulupo m'pamene Walter anaumvera mpira. Inu amene muli ndi ana aamuna awiri mukudziwa kuti ulemu wotere sugulidwa pamsika.

Anakaphunzira ku Jackson State, yunivesite ya anthu akuda, komwenso kunali mkulu wake. Kumeneko ndi kumene anayamba kudziwika ndi dzina loti Sweetness, ngati kunena kuti Kutsekemera. Mphunzitsi wake wa mpira, Bob Hill, anamulowetsa mfundo imodzi m'mutu: usagonje mosavuta. Pa masewerawa, wothamanga akaona kuti amutsekereza amatha kutuluka kunja kwa mzere kuti asagundidwe. Payton ankakana zimenezo. Ankatsitsa phewa n'kumugunda iye amene akubwera kudzamugwetsa. Pajatu sanali chimphona, anali wa msinkhu wa mamita 1.78 okha, wolemera makilogalamu pafupifupi 90. Mphamvu ankazipeza pothamanga kukwera chitunda, kutsika, kukweranso, mpaka anzake amene ankabwera kudzayesa nawo ankatsala panjira akusanza.

Timu ya Chicago Bears inamutenga mu 1975, ndipo anavala nambala 34 mpaka 1987. M'zaka zonsezo anajomba masewera amodzi okha, m'chaka chake choyamba, ndipo ngakhale amenewo ankadandaula kuti akanatha kusewera. Mu November 1977, ali ndi chimfine, thupi likutentha, anathamanga mayadi 275 pa masewera amodzi ndi timu ya Minnesota Vikings. Pa 7 October 1984 anapitirira mbiri ya Jim Brown, katswiri amene kufikira nthawiyo anali atathamanga ndi mpira mayadi ochuluka kuposa wina aliyense, ndipo pomaliza anali atasonkhanitsa mayadi 16,726. Amenewo ndi makilomita opitirira 15. Mwina mukuti amenewo ndi ulendo wa kumsika chabe. Inde, koma tangoganizani kuti pa mamita anayi alionse pali munthu wolemera ngati matumba awiri a chimanga amene akukugwetsani pansi.

Khalidwe lake pabwalo linali lodabwitsa. Akagoletsa sankavina kapena kudzimenya pachifuwa. Nthawi zambiri ankapereka mpira kwa mmodzi wa anzake a kutsogolo, amene ntchito yawo ndi kumutsegulira njira ndipo dzina lawo silitchulidwa pa wailesi, kuti iyeyo aumenyetse pansi posangalala. Anali wanthabwala, wa mawu ang'onoang'ono osagwirizana ndi thupi lake, wokonda kuphulitsa makombola kuti adzidzimutse anzake. Ana ovutika a mu Chicago ankalandira mphatso kuchokera kwa iye, ndipo mu 1977 analandira mphotho ya ligi yonse yolemekeza wosewera wothandiza anthu.

Tsopano tilowe m'nyumba, poti ndi kumene kuli nkhani yanga.

Anakwatira Connie Norwood mu 1976, mtsikana amene anadziwana naye ali ku Jackson State. Anabereka Jarrett mu 1980 ndi Brittney mu 1985. Koma pakati apo, mu December 1978, panagwa chinthu chimene ndikhulupirira chinamusiyira bala. Bambo ake akuyendetsa galimoto kwawo ku Mississippi, apolisi anawagwira poganiza kuti aledzera, n'kuwatsekera m'chitokosi. Anamwalira momwemo. Madokotala atapima anapeza kuti mtsempha wa magazi unaphulika mu ubongo. Kudzandira kuja anali matenda. Mwana wawo anali katswiri wodziwika dziko lonse, wa ndalama, koma bambo ake anafa okha pansi m'chipinda cha polisi. Ndipo Walter anabwerera ku ntchito yake yogundidwa ndi kudzuka.

Ife timaphunzitsa ana athu kuti mwamuna salira. Ine amene ndinakula ndikumva zimenezo, ndipo ndinaika bambo anga m'manda maso ali gwa, kenaka n'kudwala miyezi itatu osadziwa chimene chikundivuta. Payton anali mwamuna wa mtundu umenewo, ndipo anthu ankamuombera m'manja chifukwa cha icho.

Taonani zimene zinachitika mu January 1986. Timu yake inafika pa masewera aakulu kwambiri a chaka, amene amati Super Bowl, ndipo inagonjetsa New England Patriots ndi mapointi 46 kwa 10. Payton anali atadikira tsiku limeneli zaka 11, zambiri mwa izo ali m'timu yofooka imene ankaisenza yekha. Koma tsikulo sanagoletse. Timu itafika pafupi ndi mzere wogoletsera, mpira unaperekedwa kwa William Perry, mnyamata wonenepa kwambiri amene ankamutcha Firiji, yemwe ntchito yake yeniyeni inali yotchinga kumbuyo. Anzake akusangalala, Payton anakadzipatula yekha, mtima ukuwawa. Mphunzitsi wawo Mike Ditka ananena kangapo pambuyo pake kuti akunong'oneza bondo pa chimenechi. Ena amati Payton anali wodzikonda, timu yapambana iye n'kukwiya. Ine sindimuweruza choncho. Munthu amene walima munda zaka 11, tsiku lokolola n'kupatsa mlendo chimanga choyamba, angamve bwanji?

Mu 1993 anamulowetsa m'nyumba ya ulemu ya akatswiri ku Canton, Ohio. Mwambo wake ndi woti wina amayamba wayankhula kumudziwitsa katswiriyo. Payton anasankha mwana wake Jarrett, wa zaka 12, ndipo aka kanali koyamba kuti mwana achite zimenezi kwa bambo ake. Kamnyamatako kanaima pamaso pa chikhamu n'kunena kuti bambo ake ndi chitsanzo chake komanso mnzake wapamtima. Anthu analira. Chithunzi chinali chokongola: bambo, mayi, ana awiri.

Patapita zaka, mu 2011, mtolankhani wina, Jeff Pearlman, anatulutsa buku atafunsa anthu mazanamazana amene ankamudziwa. Zimene analemba zinakwiyitsa anthu ambiri ku Chicago. Anati Payton ndi mkazi wake anakhala zaka zambiri akukhala kosiyana ngakhale ukwati sunathe, kuti anali ndi akazi ena, kuti anali ndi mwana wamwamuna kunja amene sanamulere, kuti ankamwa kwambiri mankhwala opha ululu, ndiponso kuti atasiya mpira ankavutika maganizo mpaka kutchula zodzipha. Ditka anakalipa kwambiri kuti munthu wakufa sangadziyankhire. A pabanja pake anati zina n'zoona, zina ayi, koma anavomera kuti Walter sanali wangwiro.

Amayi ndikuona mukugwedeza mutu, mukuti amuna ndi amodzi konsekonse. Sindikutsutsani. Za mwana wosaleredwayo palibe chodzikhululukira, ndipo mphatso zonse zimene anagawira ana a eni sizifafaniza zimenezo. Mwana ameneyo anakula akuona bambo ake pa kanema, anthu akuwatamanda kuti ndi bambo wabwino. Koma ndikufunanso muone chinthu china. Luso limene linamupatsa dzina, lomva kupweteka osaonetsa, ndi lomwelo limene analowa nalo m'nyumba. Pabwalo limagwira ntchito. Pakhomo limamanga mpanda pakati pa iwe ndi mkazi wako. Munthu wa zaka makumi atatu ndi mphambu zochepa wapuma ntchito, m'manja mwasiya kuombedwa, mawondo akuwawa, ndipo sanaphunzirepo kunena kuti zandivuta. Anayesa mabizinezi, anayesa mpikisano wa magalimoto, anayesetsa kukhala mwini timu ku St. Louis koma sizinatheke. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma iyeyu chitseko ankachikhoma.

Chinatsekuka mu 1999. Kumayambiriro kwa chakacho Jarrett ankalengeza pamaso pa atolankhani kuti akaphunzira ndi kusewera mpira ku yunivesite ya Miami. Bambo ake anabwera kudzamuperekeza, ataonda kwambiri, atavala magalasi akuda obisa maso achikasu. Mukudziwa mmene pakamwa pa anthu pamayendera munthu akaonda, kuno kwathu tazionanso zimenezo. Mphekesera zinafala. Patangopita masiku ochepa, mu February, anaitana atolankhani, mwana wake ali pambali pake, n'kuulula kuti ali ndi matenda osowa a chiwindi amene amatseka timitsempha todutsa ndulu, ndipo akufunika chiwindi cha munthu wina. Atafunsidwa ngati akuchita mantha, anavomera kuti inde, akuopa. Anapempha anthu kuti amupempherere, n'kugwetsa misozi pa kanema, dziko lonse likuona. Munthu yemwe uja wokana kutuluka kunja kwa mzere.

Ku America munthu amatha kulembetsa akadali moyo kuti akadzamwalira, ziwalo zake monga chiwindi, impso ndi mtima adzapatsidwe kwa odwala. Payton anayamba kulimbikitsa anthu kuti alembetse, ndipo ambiri anatero. Iye mwini sanapindule nazo. Madokotala anapeza kuti m'mitsempha ya ndulu muja mwalowa khansa ndipo yafalikira, choncho kumuika chiwindi china sikukanathekanso.

Miyezi yomaliza anabwerera m'nyumba ya banja lake, ndipo Connie anamudwazika. Ganizirani mayi ameneyo, amene ankadziwa zonse zija. Sanamubwezere. Mpaka pano ndi iye ndi ana ake amene akupitiriza ntchito yothandiza ana ovutika m'dzina la Walter, ndipo Jarrett, amene anaseweranso mpira pang'ono, tsopano amaulutsa nkhani za masewera pa kanema ku Chicago.

Panalinso mnzake Matt Suhey, mzungu amene zaka zambiri ankathamanga patsogolo pake kumutchingira adani. Ameneyu ankabwera kudzamutenga pa galimoto kuti akapitidwe mphepo. Tsiku lina Walter, ali wofooka, anati akufuna kukaona mnzawo Mike Singletary, ndipo anayamba kulozera njira. Atafika pa nyumba ina anati ndi pano. Suhey anatsika, n'kugogoda, ndipo anatsekula munthu wachilendo amene sankadziwa kanthu. Potembenuka anapeza wodwala uja ali m'galimoto akufa ndi phwete.

Anamwalira pa 1 November 1999, asanafike zaka 50. Mphotho ija anapata mu 1977 anaisintha dzina, ndipo chaka chilichonse amaipereka m'dzina la Walter Payton kwa wosewera amene watumikira anthu kwambiri.

Ndaona a mfumu ayang'ana dzuwa kawiri. Bambo a chipewa chofiira munakweza dzanja ndili pa nkhani ya Firiji ija, yambani ndinu.