Za mnyamata wathuyu ndi basketball yake

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Alamu ali pafupi? Aitaneni mumvere limodzi, chifukwa uthengawu ndi wautali ndipo sindikufuna kuti mawa wina azinena kuti malume ake avomera zogulitsa puloti kuti mwana abwere kuno ku America kudzasewera basketball. Ndangoweruka kumene, ndili m'galimoto, mukamva phokoso musadabwe.

Kavidiyo kaja ka gemu imene mnyamatayu anachinya mapointi 34 ndakaonera katatu. Mwana akusewera, zimenezo sindingakane, mpaka ndinaonetsa anzanga ku ntchito. Koma nditakaonera kachitatu ndinasiya kuyang'ana iyeyo, n'kuyamba kuyang'ana anzake akumutchingawo. Onse akumulekeza m'khwapa. Mpira akungowatengera pamwamba pamutu ngati akuthyola mango. Ndiye mapointi 34 aja akutiuza kuti ali ndi zaka 15 ndipo watalika msanga kuposa anzake. Sakutiuza zimene adzachite tsiku limene adzakumane ndi anthu aatali ngati iye asanu nthawi imodzi.

Alamu munati m'mera mpoyamba. Pa chimanga ndikuvomera. Pa masewera awawa mwambiwo umanama kawirikawiri, ndipo amene umawanamiza si anthu wamba ngati ife, ndi akatswiri olipidwa ndalama zambiri kuti azisankha osewera. NBA, ligi yaikulu ya basketball ya kuno ku America, ili ndi matimu 30, ndipo chaka chilichonse pa chisankho chimene amati draft amatenga anyamata pafupifupi 60 okha padziko lonse. Mu 2009 timu ya Memphis inatenga Hasheem Thabeet wa kwa aneba athu ku Tanzania ngati munthu wachiwiri. Kutalika kwake mamita 2.21, chitseko cha kwanuko sangalowe osawerama. Chaka chomwecho Stephen Curry, amene masukulu akuluakulu anamukana poti ndi wochepa thupi, anatengedwa wachisanu ndi chiwiri. Patatha zaka zisanu Thabeet anali atatuluka mu NBA, pamene Curry mpaka ana a ku Ndirande amavala jezi yake.

Kuno ku Indiana anthu saiwala za Greg Oden. Ali ku sekondale ku Indianapolis aliyense ankati uyu ndiye wobadwira mpira. Mu 2007 Portland inamutenga woyamba, n'kusiya Kevin Durant, amene anadzakhala katswiri wamkulu. Chaka choyamba sanasewereko n'komwe chifukwa cha opaleshoni ya bondo, ndipo moyo wake wonse mu NBA anasewera magemu 105 okha, pamene chaka chimodzi chimakhala ndi magemu 82. Luso analinalo, maondo ndiwo anakana. Ndiye muganize, Nikola Jokić wa ku Serbia anatengedwa wa nambala 41 mu 2014, dzina lake linangodutsa pansi pa TV uku akutsatsa malonda a chakudya. Watenga mphoto ya wosewera wopambana onse katatu.

Sindikunena izi kuti mumugwetse mphwayi mwanayo, ayi. Joel Embiid wa ku Cameroon anayamba basketball ali ndi zaka ngati zake zomwezi, Pascal Siakam anayamba mochedwa kuposa pamenepo, koma onse awiri anadzakhala akatswiri mu NBA. Nthawi ilipo. Kungoti osaka osewera sawerenga mapointi a pa sukulu. Amafunsa kuti akusewera ndi a zaka zingati, nanga akadakulabe kapena wafika pothera. Amayeza manja atatambasula, chifukwa manja aatali ndi ofunika monga msinkhu. Amaona mmene amaponyera ma free throw, poti pamenepo palibe womutchinga ndipo dzanja silinama. Amaona mapazi ake akamatchinga kamnyamata kothamanga, ngati amapatsira anzake, ngati dzanja lamanzere limagwira ntchito. M'kavidiyo kaja sanadunde mpira ndi lamanzere ngakhale kamodzi, ndinawerenga. Kochi wake asamamuimike pansi pa ringi pokha chifukwa choti ndi wamtali. Akasiya kukula pamene alipa, kunja kuno adzakhala m'gulu la aafupi, ndipo adzafunika kudziwa kuyendetsa mpira.

Tsopano za bambo aja akufuna ndalama kuti amupezere sukulu kuno. Achemwali, puloti ija musagulitse. Ndabwereza, musagulitse. Sukulu ikafuna mwana imalemba yokha kalata yokhala ndi dzina la kochi, ndipo imatumiza pepala lotchedwa I-20. Visa imaperekedwa ndi ofesi ya kazembe basi, ndipo masiku ano nkhani za visa zavuta kwambiri, palibe munthu wamba angakulonjezeni. Afunseni bambowo dzina la sukuluyo ndi nambala ya kochi, munditumizire, ndiimba ndekha masana kuno. Akayamba kuzungulira kuti zimenezo n'zachinsinsi, mwadziwa kale. Ndinaonapo mnyamata wina wa ku West Africa atabweretsedwa mwa njira yotereyi, sukulu yake inali chipinda chimodzi ndi bwalo lobwereka. Ankagona pansi, ndipo mapepala a sukuluyo koleji iliyonse inawakana.

Chinanso, wina asakunyengeni kuti mumuchepetsere zaka pa pasipoti. Amafufuza, ndipo akamugwira chitseko chatsekeka mpaka kalekale.

Njira zenizeni zilipo ndipo sizifuna puloti. Ku Senegal kuli NBA Academy Africa, kumene kunachokera Khaman Maluach wa ku South Sudan, yemwe anakulira ku Uganda n'kutengedwa wa nambala 10 mu 2025. Kuli makampu a Basketball Without Borders, komanso ligi ya mu Africa yotchedwa BAL imene inayamba mu 2021 ku Kigali. Kumeneko amachita kukuitana akakuona, ndiye ayambe waoneka kwathu konko. Alowe kalabu ya m'tauni azisewera ndi akuluakulu omuposa mphamvu. Akamabwera kunyumba atachinya mapointi 6 okha, thupi likuphwanya, musadandaule, amenewo ndiwo mapointi amene ine ndikufuna kumva.

Ndipo sukulu asayerekeze kuisiya. Makoleji a kuno salola munthu kusewera ngati magiredi ake sakukwana, MSCE adzaifuna ndithu. Mwa anyamata amene amafika posewera ku koleji kuno, amene NBA imawatenga ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Enawo chimene amatuluka nacho ndi digiri, ndipo kwa ine mwana wa mlongo wanga ataphunzira ulere chifukwa cha mpira, ndingavine.

Ndiye chitani izi. Mumuyeze msinkhu opanda nsapato, atatsamira khoma, mulembe ndi pensulo pakhomapo pamodzi ndi tsiku, ndipo muzibwereza miyezi itatu iliyonse. Muyezenso manja atatambasula. Wina ajambule gemu yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati zidutswa zokoma zokhazokha, ndikufuna ndione akatopa ndiponso akaphonya amatani. Za data nditumiza Lachisanu. Nsapato ndagula kale saizi 13, koma mundiuze msanga ngati phazi lakulanso ndisanapatsire munthu wobwera kumudzi. Mayi muwapatse moni, muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ali m'chikwama chomwecho.