Makalata a Omvera: Moyo Ndi Chiwalo Cholandira

Moni omvera athu kulikonse kumene muli. Yakwana nthawi ija yomasula thumba la makalata. Sabata yatha tinacheza za opaleshoni yoika m'thupi chiwalo cha munthu wina, kaya ndi impso, chiwindi, mtima kapena mapapo, ndipo ndinapempha inu amene munadutsamo kuti mutiuze mmene moyo ukuyendera chitulukireni m'chipatala. Mwalembadi, thumba lachita kufufuma. Lero ndasankhamo makalata anayi, ndipo maina sinditchula monga mwa nthawi zonse.

Yoyamba yachokera kwa mayi wa zaka 41. Akuti:

"Aulutsi, miyezi inayi yapitayo anandiika impso ina nditakhala zaka zitatu ndikusefedwa magazi pa makina. Tsopano ndimamwa madzi mmene ndafunira, zomwe kale zinali maloto chabe. Koma manja anga akunjenjemera. Ntchito yanga ndi yosoka, ndiye ulusi ukukana kulowa pa singano, ndimachita kuitana mwana kuti andilowetsere. Nkhope yatupa n'kukhala yozungulira, tsitsi likutsalira pa chipeso. Anthu akuti ndikuoneka bwino, koma pagalasi ine ndikuonapo munthu wina. Ndimamwa tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone. Masiku awiri ndinadumphitsa mapiritsi a usiku ndipo manjenje anachepa. Kodi ndingathe kumamwa kamodzi kokha patsiku, poti sindikumva kupweteka paliponse?"

Amayi, zikomo chifukwa mwanena zoona. Ambiri amadumphitsa koma amabisa. Funso lanulo yankho lake ndi ayi, ndipo mawa lomwe muimbire foni kuchipatala kumene amakuonani, muwauze za masiku awiriwo. Kaya akakudzudzulani pang'ono, pirirani.

Chitetezo cha m'thupi mwanu chili ngati alonda amene anaphunzitsidwa chinthu chimodzi basi, kuthamangitsa chilichonse chimene si cha m'nyumbamo. Impso imene munalandirayo, ngakhale ikanachokera kwa m'bale wanu wa bere limodzi, kwa alondawo ndi mlendo, ndipo saizolowera. Pakapita zaka khumi amaionabe ndi diso lomwe lija. Opaleshoni yoyamba yoika impso ya munthu wina imene inayenda bwino inachitika mu 1954 ku Boston, ndipo dokotala wake Joseph Murray zinamuyendera chifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana ndendende, moti thupi silinadziwe n'komwe kuti mwalowa chachilendo. Enafe tilibe mapasa otere. N'chifukwa chake pali mapiritsi amene mukuwadandaulawo, ntchito yawo ndi kuwodzeretsa alonda aja. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mlendo wanuyu tikufuna akhazikike, asakamuke dzuwa likangotuluka.

Mawu amene andiopsa m'kalata yanu ndi akuti simukumva kupweteka paliponse. Thupi likayamba kukana impso, nthawi zambiri limayamba mwakachetechete. Zizindikiro zina zimatha kuoneka, monga kutentha thupi, kupweteka m'munsi mwa mimba pamene anaika impsoyo, mkodzo kuchepa, miyendo kutupa, kapena sikelo kukwera mwadzidzidzi m'masiku ochepa. Koma kawirikawiri choyamba kuulula ndi magazi, pamene creatinine, chinyalala chimene impso zimachotsa m'magazi, wayamba kukwera munthu akudzimva kuti ali gwa. Mukadikira ululu kuti ukuuzeni, mungapeze mbali ina ya impso yawonongeka kale, ndipo yowonongekayo sibwerera.

Manjenjewo ayenera kuti ndi tacrolimus, ndipo tsitsi lothothokalo ndi yemweyo. Amathanso kupweteketsa mutu ndi kukweza shuga. Manjenje amakula mankhwalawa akachuluka m'magazi, ndipo miyezi yoyambirira ndi imene madokotala amapereka ambiri chifukwa ndi nthawi imene chiwalo chimakanidwa kwambiri. Pakutha kwa miyezi amayamba kutsitsa pang'onopang'ono, akuyang'ana zotsatira za magazi. Choncho kafotokozeni ndendende monga mwandilemberamu, za singano ndi ulusi zomwezo. Dokotala akamva kuti manja ndiwo amakudyetsani, aganizira mozama kusiyana n'kungomuuza kuti mukunjenjemera pang'ono. Ulipo mtundu wina wa tacrolimus womwedwa kamodzi patsiku, koma ndi piritsi lopangidwa mwa njira ina, lotulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Kuchotsa piritsi la usiku pa amene muli nawowo n'kusiya impso pamtetete kwa maola ambiri.

Kanthu kena kamene anthu amaphonya: tsiku lokayezetsa mlingo wa tacrolimus, piritsi la m'mawa musamwe mpaka atakutengani magazi. Likulungeni, liikeni m'chikwama pamodzi ndi botolo la madzi, singano ikangotuluka pamkono ndiye mumwe. Amafuna kuona mlingo wotsikitsitsa, patatha maola 12 chimwereni la usiku. Mukamwa musanayezedwe, nambala imatuluka yokwera mwabodza, dokotala n'kukuchepetserani mankhwala molakwika.

Nkhope yozungulirayo ndi prednisolone, amenenso amachititsa njala yosatha ndi kusowa tulo. Imaphwa mlingo ukamatsika. Koma ameneyu ndiye wosayerekeza n'komwe kumusiya mwadzidzidzi, chifukwa munthu akamumwa nthawi yaitali thupi limaleka kupanga lokha timadzi tofanana naye, ndipo kumudula kamodzin'kamodzi kungakugwetseni pansi.

Tipite ku kalata yachiwiri, ya bambo amene akusamalira akazi awo.

"Akazi anga anaikidwa chiwindi miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Usiku wina thupi lawo linatentha, ndinawapatsa ibuprofen amene anali m'nyumba ndipo kutacha anadzuka bwino. Sitinapite kuchipatala. Komanso mnzanga wandipatsa mankhwala a zitsamba a m'botolo, akuti amalimbitsa chitetezo cha m'thupi. Ndiwapatse?"

Abambo, mtima wanu ndi wabwino, koma usiku umenewo munachita mwayi. Kwa munthu womwa mankhwala ofooketsa chitetezo, kutentha thupi kofika madigiri 38 ndi nkhani yoimbira chipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kazikhala pafupi ndi bedi, chikhatho pamphumi chimanama. Ndipo poti prednisolone amatha kubisa kutenthako, kuzizidwa, kunjenjemera kapena kufooka kosadziwika bwino muzikutenga chimodzimodzi.

Pa 3 Disembala 1967, dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, koyamba padziko lonse. Washkansky anakhala masiku 18 okha. Mtima watsopanowo unkagunda bwinobwino, chinamutenga ndi chibayo, chifukwa mankhwala oteteza mtimawo anali atagwetsa chitetezo chake. Mankhwala a masiku ano ndi abwino kutalitali kuposa a nthawi imeneyo, makamaka chibwerereni ciclosporin m'zaka za m'ma 1980, koma vuto lake likadali lomwelo: ukachepetsa mankhwala thupi likana chiwalo, ukachulutsa matenda alowa. N'chifukwa chake odwala ambiri amapatsidwanso cotrimoxazole kwa miyezi ingapo kuti awateteze ku mtundu wina wa chibayo.

Ibuprofen, diclofenac ndi anzawo achotseni pamene akazi anu angawafikire. Amapweteka impso, ndipo impso za munthu womwa tacrolimus kapena ciclosporin zimakhala zili kale pa ntchito yolemetsa, ngakhale chimene anaikidwa ndi chiwindi. Wa ululu amene madokotala amaloleza kawirikawiri ndi paracetamol, koma kwa munthu wa chiwindi mufunse mlingo wake kaye, ndipo asakhale chobisira kutentha thupi.

Za botolo la mnzanulo, taganizani nokha abambo. Madokotala akulimbana usana ndi usiku kuti chitetezo cha mayiwa chigone, inu mubwere ndi choti chichidzutse? Likakhala kuti limachitadi zimene akunenazo, ndiye loopsa. Likakhala kuti silichita, simukudziwabe kuti muli chiyani mmenemo ndipo chonsecho chikadutsira m'chiwindi chomwecho. Chitsamba chotchedwa St John's wort, chomwe chimagulitsidwa m'maiko ambiri ngati chothandiza maganizo, chimatsitsa mlingo wa tacrolimus ndi ciclosporin m'magazi mpaka anthu ena ziwalo zawo zinakanidwa. Chipatso cha grapefruit ndi madzi ake chimachita zosiyana, chimawakweza mpaka kufika poipa. Ngakhale mankhwala a kuchipatala enieni amasokoneza: rifampicin wa chifuwa chachikulu amatsitsa kwambiri, pomwe fluconazole ndi clarithromycin amakweza. Choncho aliyense wofuna kuwalembera mankhwala kapena kuwabaya katemera, ngakhale dokotala wa mano, ayambe wamva kuti mayiwa anaikidwa chiwindi. Akatemera okhala ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, monga wa chikuku ndi wa yellow fever, saloledwa kwa iwo. Ndipo inu amene mumawaona tsiku ndi tsiku, muziyang'ana maso ngati ayamba chikasu, mkodzo ngati wada, chimbudzi ngati chayezuka, kapena ngati ayamba kudzikanda thupi lonse.

Yachitatu ndi yaifupi, ya bambo amene analandira mtima chaka chatha. Akuti ngakhale atakhala phee pampando mtima umagunda pafupifupi ka 100 pa mphindi, ndipo akayamba kukwera masitepe amamva ngati mtimawo ukuchedwa kudzuka.

Abambo, zimenezo n'zodziwika. Pochotsa mtima m'thupi la woperekayo, minyewa imene imaulamula kuti ufulumire kapena udekhe imadulidwa. Popanda chouletsa umathamangirapo, ka 90 mpaka 110 pa mphindi si zachilendo, ndipo mukayamba ntchito umadikira uthenga wodzera m'magazi, womwe umafika mochedwerapo. Muziyamba ndi kuyenda pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo musanalimbike, pomaliza muzitsitsanso mwapang'onopang'ono. Choti musamale n'chakuti mtima wotere ukadwala sungakuchenjezeni ndi ululu wa pachifuwa monga umachitira wa anthu ena. Phuma lachilendo, kutupa miyendo kapena kutopa kopitirira muyeso mukanene, ndipo masiku okapimidwa musaphonye.

Kalata yomaliza ndinaiwerenga kawiri ndisanabwere muno. Yalembedwa ndi mayi wachitsikana wa zaka 27.

"Impso ndinapatsidwa ndi achimwene anga. Aliyense akuti ndizisangalala, koma usiku ndimagona chagada, dzanja lili pa chipsera, n'kumalira. Achimwene akangotsokomola mtima wanga umalumpha. Ndikadya kanthu kokoma ndimaona ngati ndikuwononga mphatso yawo. Ndikuopa kuti impsoyi ikadzalephera ndidzawayang'ana bwanji. Komanso ine ndi amuna anga tikufuna mwana, koma ndikuchita manyazi kufunsa, ngati kuti zimene ndalandirazi sizikundikwanira."

Achemwali, sindinu woyamba kulira chonchi, ndipo kulirako sikusonyeza kusayamika. Zaka zonse zodwala zija mtima unali utakungika kudikira tsiku limodzi. Tsikulo ladutsa, ndiye zonse zimene munaziunjika zayamba kutuluka. Onjezanipo prednisolone, amene amasokoneza tulo ndi maganizo, makamaka akamwedwa madzulo. Ngati mumamwa madzulo funsani ngati mungasamutsire m'mawa. Ndipo ngati kuliraku kwatha masabata awiri kapena kuposa, chakudya osachifuna, zimene munkakonda osazikondanso, mukanene kuchipatala monga mmene mungakanenere kutupa kwa mwendo. Matenda a maganizo amachizika, ndipo munthu wothedwa nzeru ndi amene amayamba kuiwala mapiritsi.

Achimwene anu sanangogonekedwa pa tebulo la opaleshoni. Anapimidwa kambirimbiri kuti aone ngati angakhale bwino ndi impso imodzi, ndipo yotsalayo imakula n'kusenza gawo lalikulu la ntchito ya inzake. Chimene akufunika ndi kumayezetsa BP, mkodzo ndi magazi chaka ndi chaka. Nkhawa yanuyo ipatseni ntchito imeneyo, muziwakumbutsa tsiku lokayezetsa, mwinanso kupita nawo. Za kulephera kwa impso, ndinene mosabisa: impso yolandira sikhala mpaka kalekale kwa aliyense. Yochokera kwa munthu wamoyo imakhalitsa kuposa yochokera kwa womwalira, ndipo ambiri amakhala nayo zaka zoposa khumi, ena makumi awiri ndi kupitirira. Ikadzatopa inu mukumwa mankhwala mokhulupirika, palibe mlandu umene mudzakhale mutapalamula. Kodi munayamba mwawauza achimwenewo zimene mwandilemberazi? Ndikukayika. Mwina nawonso akumagona chagada, kuopa kuti anakupatsani impso yosalimba.

Za mwana, manyazi achotseni, amayi ambiri oikidwa impso anabereka ana athanzi. Madokotala amalangiza kudikira chaka chimodzi kapena kuposerapo, impso ikugwira bwino ndiponso BP ili m'malo. Koma mvetsetsani ichi: ngati mukumwa mycophenolate, musatenge pathupi muli pa mankhwala amenewa, chifukwa amachititsa kupita padera ndiponso amalumalitsa mwana m'mimba. Amayenera kusinthidwa kaye, kawirikawiri ndi azathioprine, padutse masabata osachepera asanu ndi limodzi musanayambe kuyesa. Kusinthako achite ndi dokotala, osati inu kungosiya. Pakali pano gwiritsani ntchito njira yolera yodalirika, chifukwa impso ikayamba kugwira bwino mphamvu yobereka imabwerera msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Ulendo wotsatira wa kuchipatala mupite ndi amuna anu, funsolo mulilembe papepala kuti lisakathawe mukakhala pamaso pa dokotala.

Nthawi yatithera, wa makina uko akundikodola. Sabata yamawa tidzamva mbali inayo, ya anthu amene anapereka chiwalo ndi mabanja amene anavomera kuti ziwalo za m'bale wawo womwalira zithandize ena. Achemwali, ngati achimwene anuwo angalole, auzeni atilembere nawonso.