Kodi diso lanu limafika pati poona nyenyezi?

[Pa sikirini: thambo la usiku, kagulu ka Nsangwe]

Moni nonse. Kagulu ka nyenyezi aka ndi Nsangwe, kamene kamaoneka bwino madzulo kuyambira Novembala mpaka cha m'Marichi. Anthu ambiri akawerenga amapezamo nyenyezi 6. Ena amafika 7, ena kupitirira apo, ali pabwalo limodzi usiku womwewo. Lero tikambe za chimene chimawasiyanitsa.

Tiyambe ndi muyeso wa kuwala kwa nyenyezi. Agiriki akale anagawa nyenyezi m'magulu 6: zowala kwambiri gulu loyamba, zongooneka movutikira gulu la 6. Mu 1856 Norman Pogson anaukonza muyesowu kuti ukhale wa masamu, ndipo nyenyezi ya pa 1 imawala kuwirikiza ka 100 kuposa ya pa 6. Choncho nambala ikamakula, nyenyezi ikuzirala. Sirius, yowala kuposa zonse usiku, ili pa -1.46. Kumudzi kopanda magetsi diso labwino limafika cha pa 6, pomwe pakati pa tauni mungalekezere pa 3 kapena 4 basi.

[Pa sikirini: chithunzi cha mkati mwa diso]

Apa ndi pamene ambiri amataya mwayi. Munthu amatuluka m'nyumba mowala, kuponya maso kumwamba mphindi ziwiri, n'kunena kuti palibe kanthu. Diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima. Mukangoyatsa foni kuti muone uthenga, mwawononga zambiri, muyambiranso kudikira. Ngati tochi ikufunika, ikulungeni ndi pepala lapulasitiki lofiira, chifukwa kuwala kofiira kochepa sikusokoneza kwenikweni.

Chinanso, ndipo ichi ndimachikonda kwambiri: nyenyezi yozirala musaiyang'ane mwachindunji. Timaselo timene timagwira ntchito mumdima tili m'mbali mwa kansalu ka kumbuyo kwa diso, pakati penipeni palibe. Ndiye lozetsani maso pambali pang'ono, maganizo ali pa nyenyeziyo.

[Pa sikirini: Atlas ndi Pleione, pafupi]

Yesani pa Nsangwe pomwepa. Chakum'mawa kwa kaguluka kuli Atlas, ya pa 3.6. Pafupi nayo kwambiri pali kanzake, Pleione, ka cha pa 5. Poyamba muziona ngati nyenyezi imodzi. Khalani phee, pumani bwino, sunthani maso pang'ono, ndipo kadontho kachiwiri kadzatulukira, n'kuzimiririka, n'kubweranso. Mukakaona kangapo pamalo amodzimodzi, kawerengeni.

Sankhani usiku umene mwezi uli kumdima. Kwathu kuno miyezi yotentha tchire utsi umaphimba nyenyezi zing'onozing'ono, koma mvula ikagwa mitambo n'kuchoka, thambo limayera mbee. Muzilemba m'kope tsiku, malo ndi nyenyezi yozirala kwambiri imene mwaiona, kuti mudziwe ngati magetsi a m'dera lanu akukulandani thambo chaka ndi chaka.

Ndi mabinoculars a 7x50 (okulitsa zinthu ka 7, a magalasi akutsogolo a mamilimita 50) mufika cha pa 9. Koma Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, ili pa 11, ndipo imeneyo imafuna telesikopu. Muvidiyo yotsatira ndikusonyezani poipezera, pogwiritsa ntchito nyenyezi ziwiri zowala zimene zimaloza ku Mtanda wa Kumwera, kagulu ka nyenyezi kooneka ngati mtanda.