Kodi ku bioethics amaphunzira chiyani?

Takulandirani. Lero tikambe za phunziro la bioethics, limene limaunika chabwino ndi choipa pa ntchito zachipatala ndi sayansi ya zamoyo.

Tiyambire pa pepala limodzi. Kuno ku Lilongwe, pa chipatala cha Kamuzu Central, pamachitika kafukufuku wa mankhwala ndi katemera. Munthu asanalowemo amamuwerengera fomu ya chilolezo, iye n'kusaina kapena kudinda chala. Ndiye tayerekezani mayi wa ku Mitundu, mwana kumsana, kuwerenga sadziwa. Namwino wamufotokozera zonse, mayiyo n'kuyankha kuti, "Ndikafunse kaye abambo kunyumba." Mawa akabwera n'kudinda, wavomera ndani, iyeyo kapena amuna ake? Nanga ndalama ya thiransipoti imene akupatsidwa ikaposa imene amapeza akalima ganyu, angakane bwanji? Ophunzira amatsutsana mpaka thukuta pa mafunso ngati amenewa, ndipo kwa ine mtima wa phunziroli uli pomwepa.

Malamulo nawo amaphunzira, pamodzi ndi nkhanza zimene zinawabala. Nuremberg Code ya 1947, mfundo zoteteza anthu pa kafukufuku, inadza madokotala a Nazi ku Germany atazengedwa mlandu woyesera zinthu pa akaidi. Ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko ankangowayang'anira osawapatsa mankhwala, ngakhale penisilini atapezeka. N'chifukwa chake kwathu kuno kafukufuku sayamba komiti isanamuunike, kaya komiti ya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS.

Nkhaniyi sithera m'chipatala ayi, imafika ndi kumunda. Akuluakulu mukuikumbukira njala ya 2002. Chimanga cha thandizo chinabwera cha GMO, chimene asayansi anachisintha chibadwa, ndipo boma linati chiyambe chagayidwa kuti anthu asachibzale. Kugayitsako kunkafuna nthawi ndi ndalama, uku anthu m'mimba muli pululu. Mukanakhala inu mukanalamula zotani? Chaka chomwecho dziko lino linakhazikitsa lamulo la Biosafety Act loyang'anira zamoyo zosinthidwa chibadwa, ndipo patapita zaka, ku Bunda anayamba kuyesa thonje la Bt, losinthidwa chibadwa kuti lisamagwidwe ndi mbozi, m'munda wotchingidwa.

Simukuyenera kukhala dokotala kuti muphunzire zimenezi. Makomiti ounika kafukufuku amafunanso maloya, anamwino, azipembedzo ndi anthu wamba oimira dera, amene angawerenge fomu ija n'kunena poyera kuti, "Izi agogo anga sangazimve, kalembeninso."